Makhadi a Injiniya Wathu

Okondedwa Achemwali,

Landirani moni wanga kuchokera kutali kuno. Kaya inu ndi alamu anga muli bwanji? Nanga mwendo wa Amayi uja, kutupa kunachepa chiyambireni mankhwala atsopano? Mwana wanga akukumverani? Pa chithunzi munatumiza chija ndaona kuti yunifolomu yamuthawa, mawondo onse ali pamtunda. Ine kuno thupi lili bwino. Mtima ndiye suli bwino, n'chifukwa chake mwalandira pepala m'malo mwa foni. Ndikaimba, Amayi amakulandani foni moni usanathe, ndipo zimene ndili nazo si zoti azimve mwadzidzidzi. Muwerenge muli nokha.

Ndiyambe ndi zazing'ono. Ntchito ikadali yomwe ija, kochapira zovala m'chipinda chapansi pa hotela. Atibweretsera makina atsopano ositira nsalu zapabedi, aatali ngati basi, ndipo sabata yoyamba nthunzi yake inandiwotcha pamkono. Bala lauma, kwatsala kachipsera. Akapitawo amati ndimachedwa, koma nsalu zanga sizinabwezedwepo. Kumene ndikukhala, eni nyumba atseka mpopi wapanja, moti anthu asanu ndi awiri tikulimbirana bafa limodzi m'mawa uliwonse. Izi n'zopiririka.

Zosapiririka ndi za mzime wathu, amene Amayi amamutcha Injiniya.

Paja ndinakuuzanipo kuti ife ochokera kwathu tili ndi kabungwe ka maliro kuno. Mwezi ndi mwezi aliyense amaponya kangachepe, kuti wina akatisiya thupi lake lipite kwa abale ake, lisakwiriridwe kuno ndi anthu osadziwa n'komwe dzina lake. Ambirife mapepala athu ndi osakwanira kutsegulira buku ku banki, ndiye kwa zaka zonsezi ndalamazo zinkakhala m'chitini kwa msungichuma wathu. Iwowa ndi bambo wachikulire, mlonda wa pamalo oimika magalimoto, akazi awo anamwalira kale. Timawatcha a Tochi chifukwa tochi siichoka pa lamba wawo ngakhale dzuwa lili paliwombo. Ndi munthu woti ukamupatsa chenje chopitirira amakutsatira mpaka pokwerera basi kudzakubwezera. Chaka chatha akuba anathyola chipinda chawo. Chitini sanachipeze, chinali pansi pa ndowa ya zovala zakuda, koma anthu anachita mantha n'kuyamba kufunsana kuti tizisunga kuti.

Apa m'pamene Injiniya analowera.

Mukudziwa za kabenchi kake kokonzera mafoni kuno, pansi pa masitepe a msika wa zovala. Chaka chathachi anawonjezerapo malonda ena, a kiriputo. Mwina kusukulu kwanu aphunzitsi anzanu amazikamba. Ndi ndalama zokhala pa intaneti, zopanda banki, zopanda ofesi yoti ukadandauleko. Munthu amakhala ndi chikwama chake chosaoneka ndi maso, ndipo kiyi wa chikwamacho ndi mawu khumi ndi awiri a Chingerezi ondondozana. Wodziwa mawuwo ndiye mwini ndalama, kaya ali pakhomo pako, kaya ali kutsidya la nyanja. Mawuwo munthu sasankha yekha, amatuluka pamakina ngati maere.

Injiniya ankawatulutsa pa laputopu yake, n'kuwadinda pa kakhadi kokutidwa ndi pulasitiki, kooneka bwino ngati chiphaso, kumbuyo atamatako kasitika ka dzina la benchi yake. Kakhadi kalikonse ankagulitsa. Ankati pulogalamu yotulutsira mawuwo anailemba yekha, ndipo palibe munthu pansi pano angaithyole. Kuwonjezera pa mawu a pakhadiwo, aliyense ankayenera kuikapo mawu akeake achinsinsi, osadindidwa pakhadi, ngati loko wachiwiri. Koma apa ankangoyankhula mopepuka, ati ikani chilichonse chimene simungaiwale, loko weniweni ndi khadi.

Ine ndinali m'gulu la oyamba kugula. Tsiku limenelo ndinachokera kuntchito, m'thumba la epuloni muli tinthu timene timatola m'matumba a zovala za alendo, toti palibe angatifunse. Atati ndiike chilichonse, ndinasuzumira m'thumbamo n'kutchula kalikonse m'chiyankhulo chathu monga ndinkatitulutsira, tonse tisanu ndi tiwiri, n'kuwonjezera manambala a pa tikiti ina yong'ambika. Ndinalemba ndekha pa foni yanga nditamufulatira. Anandiseka, ati Asisi mukulemba kalata kodi. Sikuti ndinali wanzeru, Achemwali. Mukundidziwa, kuyambira ndili mwana munthu akandiuza kuti chinthu n'chosavuta ine ndimachita dala kuchivutitsa.

Mu Epulo bungwe litakumana, anthu anagawikana. Ena ankati chitini n'chabwino, ena ankati tipite kwa Injiniya. A Tochi eni ake ankakana, ati ndalama yosagwirika ndi manja iwo sakuimvetsa. Amene anamaliza mkanganowo ndine. Ndinaimirira n'kunena kuti uyu ndi mlongo wanga, tinayamwa bere limodzi, ndipo zanga zonse zili momwemo. Pakamwa panga pomwepa. Anthu anaomba m'manja, a Tochi anagonja, chitini chinakhuthulidwa. Kuchokera pamenepo tinkangoponyamo mwezi ndi mwezi osatsegula, chifukwa Injiniya anati kutsegulatsegula n'kumene kumaitana akuba.

Mwezi wathawu tinataya mnzathu wina, wopenta nyumba, bambo wa ana atatu. Anaterereka pansanja akupenta nyumba yosanjikizana, ndipo anatsirizika asanafike kuchipatala. Mkazi wake ali kwawo, ankaimba tsiku ndi tsiku kufunsa kuti thupi linyamuka liti. Lamlungu masana tinasonkhana m'galaja imene timabwereka, pakati pa matayala akutha ndi fungo la oyilo. A Tochi anabwera atavala jekete lawo la pamisonkhano, khadi lili mu envulopu m'thumba lamkati. Apampando athu, omwe ndi atelala, analemba mawu a pakhadi pa foni, n'kuipereka kwa a Tochi kuti awonjezere awo. Chikwama chinatseguka. Munalibe kanthu.

Anabwereza katatu. Kenako wina anaona pamunsi pake palembedwa kuti zonse zinatuluka tsiku limodzi, masabata asanu m'mbuyomo, ndipo zimene tinaponya pambuyo pake zinatuluka mphindi isanathe.

Zimene zinachitika m'galajamo ndi zimene zikundilepheretsa kudya mpaka lero. Anthu akusokosera, Injiniya anaimirira nkhope ili yachisoni ngati m'busa pamaliro. Anapempha bata. Anatembenukira kwa a Tochi n'kuwafunsa mwaulemu kuti mawu awo achinsinsi anali otani. Madala aja anakana, ati amenewo ndi awo. Iye anati panopa palibenso chobisa, chikwama chayera kale. Anthu anayamba kukuwa kuti anene. Ananena, motsitsa mawu, akuyang'ana nsapato zawo. Linali dzina la malemu akazi awo, ndi chaka chimene anakwatirana.

Injiniya anagwira mutu ndi manja awiri. Amvekere, "Ndi zimenezotu abale. Loko ameneyu ngakhale mwana wa sukulu akhoza kutsegula."

Panamveka kuseka. Bambo wina wonyamula katundu pamsika anabwereza dzinalo molikoka ngati akuitana mbuzi, ena n'kusekanso. Mayi wina anati wakuba wa kunja angalidziwe bwanji dzina la kwathu ngati limeneli, madalawa adya okha. Wina anawagwetsa chipewa. A Tochi anawerama, anachitola, anachisasa fumbi, n'kuchigwira m'manja.

Kenako onse amene anagula makhadi anayamba kutsegula zikwama zawo pomwepo. Uyu anaika dzina la mwana wake, uyu nambala ya foni yake, winanso wani, thu, fili, folo. Ambiri anapeza mwayera. Mayi wina wosesa m'maofesi anangokhala pansi pa simenti yamafuta ija ndi diresi lake la kutchalitchi. Nane ndinatsegula changa. Zonse zinalimo.

Ndinkayesa kuti apa mlongo wanga agwidwa ndi mantha. M'malo mwake anandilanda foni n'kuikweza m'mwamba kuti onse aone. Ati taonani Asisi, khadi lomwelo, pulogalamu yomweyo, koma iwo anaika mawu olimba. Ati vuto si khadi, vuto ndi ulesi wa anthu. Ena anamukhulupirira. Ena anati n'zoonekeratu, banja la akuba silidzibera lokha. Potuluka mayi wina analavula pafupi ndi phazi langa. Tinabalalika thupi likadali ku mochale.

Masiku atatu ndinayenda ndikumuikira kumbuyo mumtima. Ndinkati ndi mwana wamatama, inde, koma si wakuba. Komabe kachinthu kena kankandibwerera ndikamasita. Mukukumbukira wailesi ya malemu Bambo ija, imene anaimasula ali ndi zaka zisanu ndi zinayi n'kulephera kuibwezera? Amayi anamutcha Injiniya tsiku limenelo. Mwina munaiwala kuti amene anakwapulidwa ndine, chifukwa iye anati ndinaigwetsa posesa, iye ankangofuna kuikonza. Nkhope imene anaonetsa Bambo tsiku lija ndi yomweyo ndinaiona m'galaja. M'masiku atatu omwewo wina anakalemba ndi makala mawu oti wakuba pa kanyumba ka a Tochi kuntchito kwawo, ndipo abwana awo anawaitanitsa kuti afotokoze.

Kuhotela kuli mayi wina wa ku ofesi ya makompyuta. Si wa kwathu. Amatsika kuchipinda chathu makina odindira malebulo akavuta, ndipo amakonda kumwa tiyi nafe chifukwa ati kumwamba anthu saseka. Lachinayi nthawi ya nkhomaliro ndinamufotokozera zonse, titakhala pa mitolo ya matawulo. Anamvetsera osandidula. Kenako anati pali chimene sichikugwirizana. Ati dzina la mkazi ndi loko wofooka, zoona, pakuti akuba amenewa ali ndi makompyuta amene amayesa mayina a mitundu yonse, zaka, manambala ndi timawu todziwika, zikwizikwi pa kamphindi kamodzi, osatopa. Koma ati loko wachiwiri sangamuyese munthu amene sanadutse woyamba. Wakubayo anali kale ndi mawu khumi ndi awiri a pakhadi. Nanga anawatenga kuti?

Anapempha khadi langa, ati ndiphimbe mawuwo ndi dzanja iye aone kumbuyo kokha. Anamatula kasitika ka Injiniya ndi chikhadabo. Pansi pake panali timalemba ting'onoting'ono, dzina la tsamba lina la pa intaneti. Pulogalamu imene anati analemba yekha ija inali tsamba laulere, loti aliyense akhoza kulitsegula n'kudina batani. Mayi uja analifufuza pa foni yake n'kundionetsa anthu a m'mayiko osiyanasiyana akulira ndi tsamba lomweli. Limakupatsa mawu, koma eni ake amasungako kope. Sathamanga ayi. Amadikira chikwama chinenepe, kenako n'kukolola.

Ati ine ndapulumuka chifukwa timawu tanga tosagwirizana tija makompyuta awo sanatipezebe, koma ndikugona m'nyumba imene wakuba ali ndi kiyi wa chitseko chakunja. Pomwepo anandithandiza kutsegula chikwama china pa pulogalamu yodziwika, imene anthu ambiri odziwa anaiunika, mawu akutuluka pa foni yanga yomwe. Itakwana nthawi yoti mawuwo aoneke, anadzuka n'kukaima kunja kwa chitseko mpaka nditamaliza kuwalemba ndi bolopeni. Munthu wachilendo, Achemwali. Ndinasamutsa zonse.

Mpaka apa ndinkati mwina nayenso Injiniya anangopusitsidwa, bodza lake n'la matama basi. Koma mayi uja anandionetsa chinanso. Ndalama zimenezi zikamayenda zimasiya mapazi poyera. Aliyense wodziwa nambala ya chikwama akhoza kuona kuti zinachoka liti n'kupita kuti, ngakhale sangaone nkhope ya wolandira. Nambala ya chikwama cha bungwe ndinali nayo, poti ndinkaponyamo. Tinaona kuti za bungwe zinapita ku chikwama chimodzi chachikulu, mmene munkagweranso za anthu ena mazanamazana. Mu foni mwanga munalinso nambala ya chikwama cha Injiniya mwini wake, chifukwa ndinamutumizirapo gawo langa la mankhwala a Amayi. Ndinati tiyeni tione nachonso.

Chinakhuthulidwa ndi wakuba yemweyo. Mu Febuluwale.

Febuluwale, Malichi, Epulo. Pamene ankaima pamaso pathu kutiuza kuti palibe angathyole, pamene ine ndinkalumbira pa bere la Amayi, iye anali ataberedwa kale miyezi iwiri m'mbuyomo.

Achemwali, zaka zinayi ndachapa nsalu za alendo. Ndagwira masanzi, magazi, ndi zina zoti sindingalembe papepala lopita kwa inu. Sindinasanzepo. Tsiku limenelo ndinathamangira kuchimbudzi, tiyi yense n'kubwerera.

M'mawa mwake ndinapempha maola awiri n'kupita kumsika. Ndinamupeza akumata galasi pa foni ya munthu, wailesi ikuimba, botolo la zoziziritsa kukhosi lili pambali. Pakona pa benchi panali kabokosi ka makhadi atsopano, ndipo mayi wina wogulitsa zipatso anali ataima kudikira lake, ndalama ili m'manja. Ndinamuuza mayiyo kuti abwerere kumalonda ake, lero kulibe makhadi. Atachoka ndinaika khadi langa pabenchi, kumbuyo kuli m'mwamba, kasitika katamatuka.

Analiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkayembekeza kuti akana, kapena alira. Bola akanalira. Anangochepetsa wailesi.

"Asisi, inenso ndinaberedwatu," anatero. "Zanga zonse. Ndikanaulula, ndani akanabweranso pabenchi pano? Ndimati ndigulitseko pang'ono ndibwerere mwakale, kenako ndisinthe mwakachetechete."

Ndinamufunsa ngati ankadziwa kuti vuto ndi tsambalo. Anati anafufuza sabata yomweyo, anadziwa. Ndinamufunsa chifukwa chake sanandinong'oneze ngakhale ine ndekha kuti ndichotse zanga. Anati anaona tsiku lija kuti mawu anga ndi aatali, ndiye panalibe changu. Ndinamufunsa za a Tochi.

"Akanaika mawu olimba sakanaberedwa. Ndinanama pati?"

Kenako anayamba kundiyalira zifukwa. Ati mankhwala a Amayi a miyezi yapitayi ndikuganiza kuti gawo lake ankalipeza kuti. Ati wakuba si iye, wakuba ali kutsidya la nyanja, iye sanadyepo ngakhale khobidi la bungwe. Ati ndikakaulula anthu adzamuphwanyira benchi, mwinanso kumupha kumene, ndipo magazi ake adzakhala pamutu panga. Pomaliza anandigwira dzanja, ati Asisi chibale ndi fupa, sichiola. Ndinachotsa dzanja langa. Ndinamuuza kuti mwina sichiola, koma chathuchi chayamba kununkha.

Ndikutembenuka kuti ndizipita, anaponya mawu ena ngati akudzitama. Ati ngakhale inu Achemwali aakulu mumamukhulupirira, wakutumizirani mtolo wa makhadi oti mugawire aphunzitsi anzanu a m'gulu losunga ndalama. Inu simunandiuzepo, ndipo sindikukuimbani mlandu, popeza ine ndinachita zoposa pamenepo.

Lamlungu lotsatira ndinapita kugalaja ndi mapepala amene mayi wa makompyuta anandidindira. Ndinali nditamuuziratu Injiniya kuti ndikukanena, koma akafuna abwere adzanene yekha, ine ndidzaima pambali pake. Sanabwere. Ndinanena zonse, za tsamba, za kasitika, za Febuluwale. Ndinawapempha kuti asamugwire thupi, ngakhale ndinkadziwa kuti anthu a mapepala osakwanira sathamangira kupolisi. Amuna angapo ananyamuka kupita kumsika, n'kukapeza benchi yamangidwa ndi unyolo. Masiku ano ndikumva kuti watsegula mbali ina ya tauni. Kaya kabokosi kaja anasamuka nako, sindikudziwa. Nambala yanga anaitseka.

Anzathu a m'bungwe nawonso andinyansa. Ndinkayesa kuti choonadi chikatuluka, amene anaseka aja apita kwa a Tochi kukagwada. Apampando anangoti zapita zapita, tonse tinali ndi chisoni, tiyang'ane za maliro. Wogwetsa chipewa uja ankangosewera ndi foni. Mayi amene analavula uja anabwera kudzandikumbatira, ati iye ankadziwa kale kuti ine ndine munthu wa Mulungu. Fungo la mafuta ake odzola linandikakamira pa bulauzi tsiku lonse, ndinafika kunyumba n'kuichapa kawiri.

Za maliro tinathana nazo motere. Zimene ndinasunga zija, zoti ndibwere nazo kumapeto kwa chaka, ndinazipereka zonse. Ena anawonjezera zimene akanatha, abwana a malemuyo nawo anaponyako pang'ono titawapanikiza. Bokosi linanyamuka Lachisanu pa lole. Musanditamande. Sindinapereke ndi mtima wabwino, ndinapereka ndikukukuta mano. Koma pakamwa pamene panalumbira ndi panga, ndipo mkazi wamasiye uja sanalakwe chilichonse. Ndiye kuti chaka chino simundiona, ndipo denga la kukhitchini kwa Amayi lidikirenso.

Dzulo poweruka ndinadzera kwa a Tochi. Sanabwerenso kumisonkhano chichitikire zija. Ndinawapeza m'kanyumba kawo ka pageti, kamatabwa, kokwana mpando umodzi. Makala aja anawapukuta koma chizindikiro chikuonekabe. Anandipatsa mpandowo iwo n'kuima. Aonda, khosi likuchita kusambira mu kolala ya yunifolomu. Ndinagwada pa simenti pomwepo n'kupepesa m'malo mwa banja lathu lonse. Anandidzutsa msanga, ati mwananga anthu akuona, ndipo iwe ulibe mlandu.

Anati za ndalama sizikuwapweteka kwenikweni, ndalama anthu adzasonkhanso. Za kutchedwa wakuba, ati pa msinkhu wawo amvapo zambiri. Galimoto ina inafika, anakatsegula geti, n'kubwerera. Kenako anati mlongo wanga anawauza kuti aike chimene sangaiwale, ndipo iwo anali ndi chinthu chimodzi chokha chotero. Ati zaka khumi ndi chimodzi akhala akulitchula dzina limeneli m'mawa uliwonse akamamanga nsapato, ngati kupereka moni. Chichokereni m'galaja muja, akati alitchule amamva mawu a munthu uja akulikoka, ndi anthu akuseka. Ndiye asiya kulitchula.

Ndinakhala nawo mpaka mnzawo wosinthana naye atafika.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Makhadi amene anakutumizirani aja muwasonkhanitse onse, mawa lomwe, musadikire tsiku la msonkhano wanu. Amene sanagwire ntchito muwadule ndi sizasi. Ngati alipo mphunzitsi amene waikamo kale ndalama, azichotse tsiku lomwelo, ngakhale akuti mawu ake achinsinsi ndi olimba. Kiyi woti wina ali ndi kope lake si kiyi. Wofunabe kusunga ndalama zamtunduwu asalole munthu aliyense, m'bale kapena mlendo, kumutulutsira mawu kapena kumusuzumira akamalemba, ndipo asaike dzina la munthu amene amamukonda. Akakufunsani chifukwa chake, musamuphimbe Injiniya. Mudzachita manyazi tsiku limodzi pamaso pa anzanu, koma bola amenewo kusiyana ndi kuona mnzanu wa m'kalasi yoyandikana atakhala pansi chikwama chitayera.

Za Amayi ndasiya m'manja mwanu. Ndinu aakulu, ndipo ndinu amene mumaona nkhope yawo. Mukaona kuti sangathe kusenza, auzeni kuti tchuthi andikaniza. Mukaona kuti angathe, auzeni zonse, osasiyako mbali yanga.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwathokoze pokonza njinga ya mwana. Moni kwa Azakhali, kwa Amalume ndi akazi awo, ndi kwa ana anu onse. Mwana wanga mumuuze kuti kusabwera kwanga si kumuiwala. Nsapato zake ndidzapatsira woyendetsa lole mwezi wamawa, mundijambulire phazi lake papepala. Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga.

Injiniya akakuimbirani, muyankheni. Akadali mwana wa Amayi, ndipo kuno alibenso wina. Ine pakali pano sindingathe kumva mawu ake.

Tsalani bwino nonse.

Ndine mng'ono wanu,
wa kochapira.